Kupeza munthu wokhala ndi agogo pakhomo: mafunso ndi mayankho

Chilembereni munthu woti azikhala ndi mayi anga kumudzi, anthu akhala akundifunsa mafunso omweomwe. Ena amandikokera pambali pamaliro, ena potuluka m'tchalitchi, ena amalemba pa WhatsApp usiku ali ku Joni kapena ku UK, tulo titawathawa poganizira kholo lomwe latsala lokha pakhomo. Ndawasonkhanitsa pano, ndipo ndayankha molingana ndi zomwe banja lathu linadutsamo.

Kodi kulemba munthu woti azisamalira makolo si kuwataya?

Ayi. Kutaya kholo n'kulisiya ligone ndi njala nkhokwe ili yodzaza, chifukwa choti palibe wopita kuchigayo. Kale nkhalamba inkakalambira pakati pa mbumba yake: mwana wamkazi ndi mkamwini nyumba yawo ili apo, adzukulu akugona kwa agogo, kumva nthano mpaka moto kuzima. Lero ana ali ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Mzuzu kapena kunja, ndipo nkhalamba zambiri, makamaka kuchokera pomwe Edzi inakolola m'badwo wapakati, ndi zomwe zinalera adzukulu m'malo moleredwa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni m'dziko muno, ndipo pafupifupi asanu mwa anthu 100 aliwonse anali a zaka 60 kapena kuposerapo. Nyumba zosungirako okalamba n'zochepa kwambiri, komanso makolo athu ambiri sangalole kukafera kumeneko. Chotsala n'kubweretsa thandizo pakhomo pawo pomwepo.

Anthu adzalankhula ndithu. Adzati ana onse aja analera achite kusamalidwa ndi wantchito. Koma onenawo sadzabwera kudzatunga madzi m'mamawa.

Tingadziwe bwanji kuti nthawi yofuna wothandiza yakwana?

Musadalire foni. Pafoni kholo limati "ndili bwino, mwanawe" ngakhale litagonera madzi. Pitani mukagone masiku awiri kapena atatu, maso ali tcheru. Ine chomwe chinanditsegula m'maso ndi mtsuko. Mayi, omwe moyo wawo wonse sankalola mtsuko kutsika pakati, ndinawapeza akusambira madzi a m'kabotolo ka malita awiri, chifukwa ndowa ya malita 20 sankathanso kuisenza kuchokera pamjigo. Nsima ya dzana inali mu mbale yovundikira. Pamkono panali bala la moto lomwe ankalibisa ndi chitenje.

Zina zoti muone: zovala zayamba kukhwepa, mankhwala atsala ambiri pomwe tsiku lopita kuchipatala lapita kale, pabwalo pamera thengo, asiya kupita kumapemphero ndi kumaliro chonsecho sankajomba, kapena agwapo kamodzi. Kugwa kumodzi n'kokwanira. Fupa la m'chiuno la munthu wamkulu likathyoka, ambiri sayendanso monga kale.

Mayi akukanitsitsa, akuti safuna mlendo m'nyumba mwawo. Titani?

Amvetseni kaye. Munthu amene walera ana asanu ndi atatu, waika maliro, walima munda yekha zaka makumi, kumuuza kuti wina azimuphikira kuli ngati kumuuza kuti watha ntchito. Fupa lokakamiza limaswa mphika. Ife tinalakwitsa poyamba: tinagwirizana tokha ana pafoni, n'kungofika ndi mtsikana ndi chikwama chake. Mayi anamulandira bwino, anamuphera nkhuku, koma pasanathe sabata ziwiri anamubweza kwawo ndi thumba la mtedza.

Ulendo wachiwiri tinayamba ndi malume athu, eni mbumba, ndipo iwo ndi amene anakakhala pansi ndi mlongo wawo. Sitinanene kuti "wokusamalirani". Tinati tikufuna wina azitunga madzi ndi kutola nkhuni katatu pa sabata, ndipo tinawafunsa kuti iwo akuona kuti angayenere ndani. Dzina anatchula okha: mayi wina wamasiye wa m'mudzi woyandikana, yemwe ankapemphera naye limodzi. Kuchoka pa masiku atatu tinafika pa sabata yathunthu, ndipo patapita miyezi, mayi okha ndi amene anati, "Usiku uno usapite, kwada. Yala pamenepo."

Bwanji osangowatenga kudzakhala nafe m'tauni?

Kwa ena zimayenda, makamaka ngati akudwala matenda ofuna chipatala pafupipafupi. Koma ganizirani tsiku lawo m'tauni: inu mwapita kuntchito, ana kusukulu, geti latsekedwa, iwo ali pampando kuyang'ana TV yolankhula chizungu. Kumudzi aliyense wodutsa amagwada n'kuwapatsa moni, milandu ya pabanja imafikira kwa iwo, amadziwa mbuzi iliyonse ndi mwini wake. Nkhalamba zambiri zikakhala m'tauni mwezi umodzi zimayamba kufunsa za nkhuku. Ndipo kwa munthu amene wayamba kuiwalaiwala, kusamuka kumamusokoneza koposa. Afunseni, ndipo yankho lawo lilemekezedwe.

Ntchito ya munthu ameneyu kwenikweni ndi yotani?

Pali ntchito yooneka: madzi, nkhuni kapena makala, kuphika, kuchapa, kusesa, kupita kuchigayo ndi kumsika, kuwaperekeza kuchipatala, kuwafunditsira madzi osamba. Imeneyi aliyense amaidziwa, ndipo ndi yomwe timawerengera pokambirana malipiro.

Koma ntchito yaikulu ndi kucheza. Ndikunena izi motsindika chifukwa mabanja ambiri amayang'ana ngati pabwalo pasesedwa, osafunsa ngati agogo alankhula ndi munthu tsiku limenelo. Nkhalamba yodyera yokha imadya mbamu ziwiri n'kusamba m'manja. Ikakhala ndi wodya naye, mtanda umatha. Wothandiza wabwino amakhala nawo pakhonde akuwothera dzuwa, amamvera nkhani ya njala ya 1949 kachikhumi osaonetsa kutopa, amawatsegulira wailesi nthawi ya uthenga wa maliro ndi nkhani, amawawerengera Baibulo kapena Korani ngati maso afooka, amawagwira mkono kupita kukaona mnzawo wodwala.

Chinanso, asawalande ntchito zonse. Apa m'pomwe ambiri amalakwitsa ndi mtima wabwino womwe. Mayi anga sangasenze ndowa, koma kusadzula nkhwani, kutong'ola chimanga, kusankha nyemba m'lichero ndi kufutsa masamba amatha, ndipo thobwa lawo palibe wowaposa. Wowathandiza amawabweretsera lichero pomwe akhala, n'kufunsa, "Agogo, mcherewu wakwana?" Amadziwa yekha kuti wakwana, koma amafunsa kuti khitchini ikhalebe ya mwini wake. Manja ogwira ntchito sauma msanga, ndipo mtima wa munthu wofunsidwa nzeru sugwa mphwayi.

Ndi bwino wachibale kapena munthu wapadera?

Zonse zili ndi minga yake. Wachibale amawadziwa agogo, koma kumudzudzula n'kovuta, ndipo kumuchotsa kumagawanitsa banja. Wapadera mumapangana naye momveka, koma zimatenga nthawi kuti azolowerane. Ngati ndi wachibale, mulipireni ngati wina aliyense. Mawu oti "ndi agogo ako omwe" agwiritsa anthu ambiri ntchito ya ulere zaka ndi zaka, kawirikawiri mwana wamkazi amene banja lake linatha kapena amene sanapite patali ndi sukulu.

Chimene ndikukaniza ndi mtima wanga wonse n'kutenga kamtsikana ka sitandade 6 kuti "kazikagona kwa agogo". Kugona kokha palibe vuto, ndi mwambo wathu ndipo ndi wokoma. Koma mwana akasanduka wophika, wochapa ndi wodzuka usiku, sukulu imathera pomwepo. Komanso mwana sanganyamule munthu wamkulu amene wagwa kubafa.

Tingamupeze kuti, nanga tiyang'ane chiyani?

Yambirani pomwe anthu amadziwana: amayi a Mvano kapena a Chigwirizano, a Dorika, kumphakati, kumzikiti, kwa anyakwawa. Funsaninso azaumoyo a m'dera lanu. M'midzi yambiri muli anthu amene anaphunzitsidwa kusamalira odwala kunyumba nthawi yomwe Edzi inali pachimake, ma ARV asanafalikire. Amenewa amadziwa kusambitsa munthu ali gone ndi kumutembenuza, ndipo ambiri ali ndi mtima wake wa ntchitoyi.

Munthu wokhwima amaposa wachinyamata pa ntchito imeneyi, bola akhale ndi mphamvu. Kwa agogo aamuna ofuna kusambitsidwa, funani mwamuna. Ambiri amalolera kukhala osasamba kusiyana n'kuvula pamaso pa mkazi amene si wawo. Onani chiphaso chake cha unzika, dziwani kwawo ndi abale ake, lankhulani ndi amene anamulembapo ntchito. Kenako muonetsetseni pa tsiku loyamba. Kodi popereka moni wagwada? Akulankhula ndi agogo kapena akulankhula ndi inu za agogo, iwo ali pomwepo? Akafunsidwa funso lomwelo kachiwiri, nkhope yake ikutani? Mpatseni mwezi woyeserera, ndipo womaliza kugamula akhale agogo.

Tizimulipira zingati?

Boma limalengeza malipiro otsikitsitsa, ndipo antchito a m'nyumba ali ndi mlingo wawo. Umasintha kawirikawiri, choncho funsani ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu kuti mumve womwe ukugwira ntchito panopa. Umenewo ndi poyambira chabe. Munthu wodzuka kawiri usiku kuperekeza nkhalamba kuchimbudzi, kapena wochapa zofunda zoipitsidwa, sangalandire mofanana ndi wongosesa n'kuweruka masana.

Lamulo la zantchito la 2000 limakhudzanso ogwira ntchito m'nyumba. Limanena za maola 48 pa sabata, tsiku limodzi lopuma sabata iliyonse, ndi tchuthi cha pachaka cholipidwa, masiku 18 kwa wogwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata. Mabanja ambiri amadabwa akamva zimenezi, chifukwa munthu akangogona pakhomo timamuona ngati ali pantchito usana ndi usiku. Konzani msanga woti azilowa m'malo mwake pa tsiku lopuma. Wothandiza wosapuma amayamba kupsa mtima, ndipo mkwiyowo umagwera nkhalamba.

Lembani zomwe mwapangana papepala, m'Chichewa, pakhale mboni. Ndipo tsiku la malipiro likhale tsiku la malipiro. Nayenso ali ndi ana ofuna fizi ndi munda wofuna feteleza.

Ndalama zapakhomo zizidzera kwa ndani?

Zisiyanitseni patatu. Malipiro apite pa nambala ya wothandiza mwini wake, pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, kuti pakhale umboni. Ya ndiwo, sopo, shuga ndi chigayo ikhale payokha, ndi kope lolembamo zomwe zagulidwa. Yachitatu ndi ya agogo eni ake, yomanga pansonga ya chitenje, yoti apereke chopereka kutchalitchi, apepese maliro, agulire mdzukulu mandasi osapempha kwa munthu. Imeneyi musaifunse kuti yapita kuti.

Ngati ali pa Mtukula Pakhomo, ndondomeko ya boma yomwe inayambira ku Mchinji mu 2006, ndalamayo ndi yawo. Wothandiza angawaperekeze kokalandira, koma asaisunge. Nambala yachinsinsi ya foni kapena ya kubanki isakhale m'manja mwa wantchito, osati chifukwa ndi wakuba, koma kuti tsiku lomwe ndalama idzasowe asadzakhale woyamba kulozedwa chala.

Ana nonse musonkhe, aliyense monga angathere. Mutu umodzi susenza denga, ndipo amene ali kunja si kuti amatola ndalama pansi.

Agogo ali pa mankhwala a BP ndi shuga. Wothandiza angakwanitse?

Kukumbutsa ndi kupereka mankhwala monga analembera achipatala angathe. Kusintha mlingo, kusiyitsa, kapena kuonjezera za kwa asing'anga ndi zogula pagolosale, ayi. Buku la kuchipatala likhale malo amodzi odziwika, ndipo tsiku lobwerera lilembedwe pakhoma. BP sipweteka, n'chifukwa chake ambiri amasiya mankhwala akamva bwino, kenako sitiroko.

Muphunzitseni zizindikiro zosadikira kuti kuche. Kamwa yapotoka, mkono kapena mwendo wa mbali imodzi wafooka mwadzidzidzi, mawu sakumveka: imeneyo ndi sitiroko, thamangirani kuchipatala. Wa shuga amene wamwa mankhwala osadya akayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta ndi kubwebweta, shuga watsika. Ngati ali maso ndipo akutha kumeza, apatsidwe madzi a shuga, kenako kuchipatala. Nkhalamba imene inali bwinobwino dzulo ikasokonezeka mutu lero, musati ndi ukalamba. Kawirikawiri amakhala malungo, chibayo, matenda a m'njira ya mkodzo kapena kuchepa kwa madzi m'thupi, ndipo zonsezi zimachizika. Pakhale nambala ya wakabaza kapena wagalimoto wodalirika, ndi ndalama ya ulendo yosungidwa yosakhudzidwa.

Maso nawonso musawaiwale. Ambiri amene timati achita khungu ndi ukalamba amakhala ndi ng'ala, yomwe imachotsedwa ndi opaleshoni yaifupi. Ku Nkhoma ndi ku chipatala cha maso cha Lions ku Queens amachita zimenezi.

Pakhomo pasinthe chiyani?

Zing'onozing'ono. Chimbudzi chonjuta chimavuta mawondo okalamba. Mpando wobowola pakati, ndowa pansi, umathetsa vutoli ngakhale usiku. Kubafa kukhale kampando ndi mtengo wogwirira, miyala yoterera ichoke. Tochi kapena nyali ya sola ikhale pafupi ndi pogona, neti ikhale yokungidwa. Ndipo mu Juni ndi Julayi, mbaula isagone m'nyumba yotseka. Mpweya woipa wochokera ku makala suoneka ndipo sununkha, koma umapha anthu ali m'tulo.

Bambo sadzukanso, amangokhala chigonere. Apa pakufunika chiyani?

Apa munthu mmodzi sangathe, pafunika awiri osinthana. Azitembenuzidwa pa maola awiri aliwonse, chifukwa kugonera mbali imodzi kumabowola zilonda pamatako, m'chiuno, pamapewa ndi kuzidendene. Chilonda chimayamba ngati kufiira kapena kuda kwa khungu komwe sikuchoka, ndipo chikatseguka chimavuta kupola. Zogonera zikhale zouma ndi zosakwinyika. Podya akhale tsonga, chakudya chikhale chofewa monga phala la Likuni kapena lothira nsinjiro, mbatata yophwanya, nthochi, supuni imodzi imodzi kuti asatsamwe. Madzi azipatsidwa asanapemphe, popeza nkhalamba simva ludzu msanga.

Posambitsa, chitseko chitsekedwe, chitenje chiphimbe mbali yomwe sikusambitsidwa, ndipo aziuzidwa chilichonse chisanachitike. Ngati ululu ndi waukulu, funsani kuchipatala za chisamaliro cha odwala matenda osachizika. Tiyanjane ku Queens ndi Ndi Moyo ku Salima amagwira ntchito imeneyi, ndipo zipatala zambiri za m'maboma zili ndi gawo lotere. Munthu asamabuule usiku wonse mankhwala othetsa ululu alipo.

Agogo akumanena kuti wantchito akuwabera, komanso akumalankhula ndi anthu omwalira. Tikhulupirire ziti?

Fufuzani modekha, chifukwa kuba kumachitikadi. Koma dziwaninso kuti pali matenda a mu ubongo oiwalitsa, ndipo chimodzi mwa zizindikiro zake n'chimenechi. Munthu amabisa ndalama m'thumba la ufa, n'kuiwala, ndiye woyandikana naye ndi amene amasanduka wakuba. Amafunsa za mwamuna wake amene anamwalira kalekale. Dzuwa likamalowa amamanga katundu akuti akupita kwawo, ali kwawo komweko. Kukangana naye sikuthandiza. Wothandiza wodziwa amangoti, "Tiyeni tifunire limodzi," kapena, "Timwe kaye tiyi, tinyamuka kukacha." Apititseni kuchipatala akawaone, a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, komanso chipatala cha Zomba Mental, amathandiza pa matenda a mtundu umenewu.

Pano pali ngozi imene imandiwawa kuitchula. Nkhalamba yotere ikatuluka usiku n'kupezeka pakhomo pa eni mbandakucha, mwina ili yosavala, anthu amati yagwa pa ndege ya ufiti. Mu Januwale 2016 ku Neno, nkhalamba zinayi zinaphedwa pozinamizira kuti zinatumiza mphenzi yomwe inapha mtsikana, ndipo bungwe la MANEPO, loteteza ufulu wa okalamba, lakhala likudandaula chaka ndi chaka za okalamba ophedwa motere, nthawi zambiri ndi abale awo omwe. Lamulo la za ufiti la 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza anthu achikulire. Koma gulu lolusa silidikira lamulo. Pitani msanga kwa amfumu ndi kwa oyandikana nawo, muwafotokozere kuti agogo akudwala, ndipo aliyense wowapeza panjira awabweze kunyumba. Munthu wogona nawo m'nyumba, womva chitseko chikamatseguka, akhoza kupulumutsa moyo wawo.

Tingadziwe bwanji ngati akuchitiridwa nkhanza?

Onani ngati amakhala chete wothandiza akalowa, ngati ali ndi mikwingwirima yosadziwika chiyambi chake, ngati akuwonda chakudya chikugulidwa, ngati nthawi zonse mukaimba mumauzidwa kuti agona. Muzifika osanena. Muzipeza mpata wocheza nawo paokha. Pakhale munthu wachitatu wa m'mudzi momwemo wodutsako kawiri kapena katatu pa sabata. Mukapeza nkhanza, muchotseni tsiku lomwelo ndipo kanenedwe kupolisi, ku Victim Support Unit, kapena ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya m'boma.

Nkhanza zimayendanso mbali inayo. Pali nkhalamba zotukwana, ndi abale obwera kudzatuma wothandiza kuti akawalimire kumunda kwawo. Mumvereni nayenso akadandaula.

Ine ndili kunja, ndimabwera kamodzi pa zaka ziwiri. Kupatula kutumiza ndalama, ndingatani?

Sankhani tsiku ndi ola loimba, ndipo musaphonye. Mayi anga amasamba msanga Lamulungu masana n'kuvala duku latsopano podikira foni ya mchimwene wanga wa ku Cape Town. Mugulireni wothandiza foni yoonetsa nkhope ndi kumamuikira bandulo, kuti muziwaona, osangomva mawu. Mukaimba, musamangofunsa ngati amwa mankhwala. Afunseni nzeru: dzina la mwana wobadwa kumene, munda uti ubzalidwe mtedza chaka chino, mbiri ya kumene makolo anachokera. Kenako lankhulani ndi wothandiza payekha, mumufunse za ana ake, mumuthokoze. Mukamatumiza katundu, chitenje chake chikhalemo.

Malamulo achoke pakamwa pamodzi. Ana asanu akamaimba aliyense ndi zake, wina akuti aziwapatsa mkaka wina akuti ayi, wothandiza amasokonezeka n'kusiya. Sankhani mmodzi wolankhula m'malo mwa onse.

Nanga agogo akadzatisiya, wothandiza uja timatani naye?

Kambiranani zimenezi nthawi idakalipo. Tsiku la maliro iye amataya zinthu zitatu pakamodzi: ntchito, pogona, ndi munthu amene wakhala akudya naye mbale imodzi. Kawirikawiri ndi iye amene anali pambali mpweya ukuchoka, ndipo ndi iye wodziwa mawu omaliza. Musamusiye kuseri akutsuka mbale za olira. Akhale m'siwa pamodzi ndi abale, ndipo wolankhula m'malo mwa banja amutchule pothokoza. Mulipireni zonse zotsala, muonjezere ya miyezi ingapo yoti ayambire, mumulembere kalata yomuchitira umboni, ndipo asachotsedwe m'nyumba anthu asanamete. Pogawa zovala za malemu, afunsidwe chomwe angakonde kutenga.